Mayunitsi Khumi ndi Awiri

Okutobala wa ku Area 36 sagogoda.
Amalowera pa malata
nakhala nafe m'nyumba ngati wangongole.
Naini koloko usiku
khoma likadapuma moto wa masana,
Ndaziona wanga akutembenuka pa bedi, thukuta kamukamu,
ine maso ali pa kamita ka pakhoma:
mayunitsi khumi ndi awiri,
mwezi usanafike n'pakati pomwe.

Kuseri kwa mpanda, kwa a Chimpeni,
chimakina choziziritsa chimalira usiku wonse,
madzi ake tho, tho, pa simenti.
Koma malipiro akamayandikira chimakhala duu,
ndiye kumamveka mawu a mayi wa m'nyumbamo
akufunsa amene wadya magetsi.

Ndinapita ku Old Town ndi ndalama ya chipeleganyu.
Mnyamata wa m'sitolo ya pa Malangalanga
anandionetsa fani yaikulu ngati gudumu la njinga,
natulutsanso hita ya mawaya ofiira:
"Mutengeretu ya Juni, mayi, mtengo ukwera."
Ndinati, tembenuza katoni, ndione nambala.
Mphunzitsi wa masamu sagula ndi maso.
Mawati zikwi ziwiri!
Ola limodzi, mayunitsi awiri.
Maola asanu ndi limodzi, mwezi wanga watha.
Ndinanyamula kafani kotchaja ndi dzuwa,
iye nandiyang'ana ngati ndam'bera.

Yotsalayo inapita kwa Lufeyo kalipentala,
munthu wosala chala chimodzi, wosalankhula akamayeza.
Anakhoma mphasa za bango pansi pa malata,
pamwamba napaka penti yoyera,
kenako naloza khoma lopanda zenera:
"Mphepo ndi mlendo wamanyazi, aphunzitsi,
salowa pomwe sakuona potulukira."
Tinaboola.

Eni nyumba, bambo Kachingwe, anafika ali thovu kukamwa.
"Wakuuzani ndani kuti muboole khoma langa?"
Anaima pakati pa mazenera awiriwo,
mphepo niwanyamula kolala ya malaya.
Anakhala chete.
Anapempha mpando.
Mwezi wotsatira anakweza lendi.

Kenako Juni,
chisanu chija choluma zidendene,
chobwera ndi fumbi m'mano.
Mphasa zomwe zinatchinga dzuwa
tsopano zikusunga mpweya wathu kuti usathawe.
Masana ndimatsegula makatani dzuwa ligone pansi,
folo koloko ndikabwera ku sukulu ndimatseka,
kathumba ka mchenga pansi pa chitseko,
botolo la madzi otentha m'sokosi yakale
ku mapazi a mwana.

Mbaula imagona pakhonde.
Pamenepo sindimva za munthu.
Mlongo wanga Elifala anali mlonda ku Kanengo,
usiku wina wa Julaye analowa nayo m'kanyumba ka pageti,
natseka chitseko, natsekanso kazenera ndi katoni.
Anam'peza m'mawa atagona bwinobwino,
chipewa chili kumutu,
makala akadali ofunda.
Utsi wake ulibe fungo, anatero adokotala,
ndipo ine mpaka lero ndimanunkhiza
chipinda chilichonse chimene ndalowa.

Ndaziona amafunsa chifukwa chake ife tilibe chimakina
ngati cha anzake a kuseri.
Ndimam'patsa choko, tiwerenge pa simenti.
Amatopa tisanafike pa yankho,
nakajambula nyumba ya mazenera asanu ndi awiri.

Kumadzulo kwa nyumba ndabzala mtengo wa mango.
Ukundifika m'mawondo.
Ndine walendi, ndikudziwa:
mthunzi wake udzagwera pa bedi la munthu wina,
ndipo a Kachingwe adzauwerengera mu lendi.
Ndimauthirirabe madzi otsukira mbale.

Usiku uno kwa a Chimpeni kuli zii.
Kafani kanga kakupukusa mutu, uku ndi uku,
ngati kakukana nkhani inayake.
Ndadzuka kukaona mita ndi tochi ya foni.
Atsala atatu.
Malipiro ndi Lachisanu.